Mawu a Apongozi M'kalasi ya Tamala

Ana anga, mwandifunsa kambilimbili chifukwa chake ndinapuma nchito ndisanakhalepo hedi wa sukulu ngakhale tsiku limodzi, pamene achinyamata amene ndinawaphunzitsa kugwila choko anandipitilila n'kukhala mabwana. Iwe Masuzyo umati vuto ndi pakamwa pangapa. Pakamwa ndili napo, sindikana, koma chimene chinandimanitsa mpando ndi tsiku limene ndinatseka pakamwapo. Ndalemba izi ndikali ndi moyo kuti wofuna kunditsutsa adzanditsutse pamaso.

Kwa Mwase Lundazi, zaka zoyamba

Nchito ndinayambila pa sukulu ina ya kwa Mwase Lundazi, ndili mtsikana wa sutukesi imodzi ndi mbaula. Anandipatsa nyumba ya udzu yomwe mvula ikagwa ndinkagona ndi ambulela. Choko chinkabwela poyamba temu n'kutha mwezi usanathe, ndiye tinkalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma, ndipo ana anjala ankatibela chokocho n'kudya. Madesiki kunalibe, ana ankakhala pa njelwa. Zimenezi sizinandipweteke mtima kwenikweni, popeza tonse tinali osauka pamodzi. Chimene ndinadana nacho kuyambila chaka choyamba ndi chimene tinkati phunzilo la alendo. Oyendela masukulu ankatuma uthenga kukali sabata yathunthu. Hedi wathu, munthu wabwino koma wamantha ngati nkhuku, ankabweleka choko ku sukulu yoyandikana nayo, n'kuuza ana kuti bwana akafika aliyense azikweza dzanja, odziwa yankho lamanja, osadziwa lamanzele. Ana ochedwa kumva ankawatuma kumadzi tsiku limenelo. Bwana ankakhala kumbuyo kwa kalasi, kulembalemba zake, kudya nkhuku, n'kukwela galimoto. Lipoti linkati sukulu ikuyenda bwino kwambili. Ine ndinafunsa pa msonkhano wa aphunzitsi kuti kodi tikunamiza ndani, bwanayo kapena ana a eni ake? Kuyambila tsiku limenelo dzina langa linakhala Wayilesi, ndipo linanditsata kulikonse kumene ananditumiza.

Ndinayenda masukulu angapo, ndinakwatiwa ndi atate anu, ndinabeleka inuyo. Atate anu atamwalila anandisamutsila kwa Kapichila, ndipo patapita zaka anandiika kukhala wothandiza aphunzitsi m'masukulu a zoni yathu. Dzina la udindowo linali lalitali, koma chimene anandipatsa ndi njinga.

Kwa Kapichila, chaka chimene inabwela foni

Anthu a bungwe lina anatiitanila ku boma ku wekishopu. Ndinapita ndi mtima wa anthu onse opita ku wekishopu, woti tikamwe tiyi wa mkaka tibweleko. Koma zimene ananena zinandigwila. Anati mphunzitsi aziika foni patebulo n'kujambula mawu a phunzilo lake lonse, kenako ana akaweluka akhale pansi ndi mnzake mmodzi wom'dalila, amvele, n'kumadzifunsa yekha kuti walankhula kwambili ndani, sanamveke ndani, mafunso anga anali otani. Kunalibe malikisi, kunalibe lipoti. Ndinati mumtima, zikomo Ambuye, pomaliza tapeza mlendo wosadya nkhuku. Anatilonjeza foni mphunzitsi aliyense. Zimene zinafika ndi foni imodzi zoni yonse, pamodzi ndi timakhadi tosungila mawu, aliyense kake. Foniyo ndinkatchajitsa kwa wometa tsitsi wina yemwe anali ndi sola, ndipo kukachita mitambo nchito inkaima.

Aphunzitsi anakana poyamba, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ankanong'onezana kuti Wayilesi wabwela ndi kazitape wa m'thumba, mawa timva kuti mawu athu afika ku boma. Ndiye pa msonkhano wa zoni ndinaimilila pamaso pa onse n'kulonjeza kuti mawu ndi a mwini wake. Ndinati palibe adzamve phunzilo la munthu mwini wake asanalole, kaya ndi hedi, kaya ndi bwana wa ku boma, kaya ndi amene anabweletsa foniyo. Ndinalumbila pa dzina la malemu atate anu, chinthu chimene sindinachiteponso. Kenako ndinayamba ndi ine mwini. Ndinawamvetsa phunzilo langa, ndipo mayo, manyazi amene ndinaona tsiku limenelo! Ndinkalongolola ngati nkhanga, kufunsa funso n'kuliyankha ndekha mwana asanatsegule n'kamwa komwe. Anzanga anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunatsegula chitseko. A Gondwe, mdala amene anali pafupi kupuma nchito, atamvela phunzilo lawo anakanda dazi n'kundifunsa kuti kodi atsikana anali atapita kuti tsikulo. Atsikanawo anali momwemo m'kalasi, koma m'kamwa mwa a Gondwe munkatuluka maina a anyamata okhaokha. Palibe anawakalipila, anadzimvela okha. Temu yotsatila ankayamba ndi atsikana.

Nyengo ya fodya

Tsopano ndifike kwa Tamala. Anali mphunzitsi wachitsikana wa giledi seveni pa sukulu ina yomwe sindiitchula dzina, ndipo anali asanatsimikizidwe pa nchito. Anakwatiwa m'mudzi womwewo wa pafupi ndi sukulu, n'kubeleka ana awili, wamng'ono dzina lake Wezi, kamtsikana kongoyamba kumene kulankhula bwino. Hedi wa pamenepo, a Mtonga, anali mkulu wawo wa atate a mwamuna wake. Inu amene mwakulila m'tauni mvetsani bwino apa. Kwathu kuno ameneyo ndi mpongozi weniweni, ndipo pa ng'ombe zimene zinapita kwawo kwa Tamala zina zinatuluka m'khola la a Mtonga. Kusukulu anali bwana wake, kunyumba anali munthu woti sangamuyang'ane m'maso. Kakhadi kake Tamala anandipempha kuti ndizimusungila ine, chifukwa anati kunyumba kwake kulibe chinthu chimene chimabisika.

Tsiku loyamba kumvela phunzilo lake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa kalasi, chomvelela china m'khutu langa, china m'khutu lake. Linali phunzilo la masamu, la kugawa chinthu chimodzi m'zigawo. Anabwela ndi nzimbe, ndipo tinkamva mpeni ukudula, ana akukangana kuti wapatsidwa chachikulu ndani. Ndinaphunzitsa zaka zambili, koma phunzilo lokoma chotelo sindinalimve kawilikawili. Mwana akalakwa sankamudula, ankamufunsa kuti waganiza bwanji kuti afike pamenepo. Kungoti ankathamanga, mawu kutuluka ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Ndiye pakati pa phunzilo chitseko chinalila, popanda odi, n'kumveka mawu a apongozi ake, a Mtonga.

"Ana akuluakulu nonse, ku chigafa. Fodya safuna kudikila."

Pomwepo m'khutu mwanga munalila mawu a Tamala, okwela kuposa china chilichonse m'phunzilo lonselo, mpaka ndinadzidzimuka.

"Yewo, adada."

Kumeneko ndiko kuvomela mwaulemu kwathu kuno. Ndinaimitsa foni n'kumufunsa chifukwa chake anakuwa chotelo. Anati sanakuwe, anagwada. Foni inali pamphepete pa tebulo, ndiye atagwada pakamwa pake panafika pafupi nayo. Ndinayatsanso. Tinamva mapazi a ana akutuluka, mabenchi akukhukhuluzika, kenako bata. Anatsala ndi tiana tochepa timene tinalibe mphamvu zosenza fodya, ndipo anapitiliza kuphunzitsa timeneto ndi mawu otsika. Mu bata limenelo munayamba kumveka kaliwu kakang'ono kunja kwa zenela, kakuimba nyimbo yopeka kokha, ya nkhuku imene inakana kusamba. Tamala anaseka n'kugwila pakamwa, anati ndi Wezi ameneyo, amathawa kunyumba kudzakhala pansi pa zenela kudikila amake. Kalasi ikakhala yodzaza samveka.

Ine mtima unali utawila kale, koma ndinadzigwila n'kufunsa funso limene tinaphunzitsidwa kufunsa, loti wamva chiyani m'phunzilo lako. Anati wamva kuti amafulumila kwambili. Ndinamufunsa kuti ukufulumilila kuti. Anati amafuna kuti amalize chitseko chisanatseguke.

Sizinathele pa fodya. Fodya atapita ku malonda kunabwela kukumba nshawa, kenako kukolola chimanga, kenako kusenda nshawa zija. Pafupifupi phunzilo lililonse limene tinajambula chaka chimenecho linali ndi chitseko chija, mawu aja, ndi yewo adada uja. A Mtonga ankati ndi nchito ya manja, ana aphunzile ulimi, koma munda unali wawo ndipo mabelo ankagulitsidwa m'dzina lawo. Makolo ankadziwa, koma ambili ankadalila ngolo ya a Mtonga ndi ganyu wa m'munda mwawo, ndiye ankangoyang'ana kumbali. Tsiku lina ndikudutsa pa njinga ndinapeza ana ovala yunifolomu akusoka fodya m'chigafa nthawi ya sukulu. Ndinatsika n'kuwauza a Mtonga zimene Wayilesi akanawauza. Iwo sanakalipe. Anangomwetulila n'kundifunsa kuti wandituma ndani. Ndinati maso anga, koma sanakhulupilile. Sabata yomweyo Tamala anamugwaditsa pabwalo pamaso pa banja lonse, kumufunsa zimene amauza foni ya mayi uja. Pamenepo ndinadziwa kuti mwala uliwonse umene ndingaponye ukagwela pamutu pake.

Ku boma, zotsatila za mayeso zitatuluka

Ana analephela, ndipo akanakhoza bwanji? Sukulu ija inakhala kumchila kwa zoni yonse, mabwana a ku boma anafuna wolakwa, ndipo a Mtonga anali naye kale. Analemba kuti mphunzitsi wa giledi seveni ndi waulesi, amabwela ndi mwana ku nchito, amataya nthawi ndi zamafoni m'malo mophunzitsa. Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma kwa ife zinali zodya akulu, wopotedwa ndi mwana. Tamala anaitanidwa ku boma kukayankha. Nanenso anandiitana, n'kundiuza kuti ndibwele ndi kakhadi kake, akuti amve okha ulesiwo.

Ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Ndinapalasa njinga mpaka kusukulu kwake, ndinamupeza akusesa m'kalasi, n'kumuuza kuti mwana wanga, Mulungu watiyankha, adzipachika okha ndi chingwe chawo. Akufuna kumva, tiyeni amve. Tamala anaika tsache pansi. Sanalile. Anandifunsa kuti mawu a apongozi ake akamveka pa gulu la mabwana, iwo ali pomwepo, wowajambula ali mkamwana wawo, iyeyo akagona kuti tsiku limenelo. Ndinati ukagona kwanga. Anati nanga ana.

"Amama, ng'ombe zinapita kwathu. Ana ndi a kuno. Akandithamangitsa ndichoka ndekha."

Ndinamunyengelela, ndinamukalipila, ndinamuuza za malamulo ndi makhoti. Anati khoti likhoza kumupatsa ana, koma silingawapatse mudzi. Pomaliza anandikumbutsa kuti ndinalumbila pa dzina la mwamuna wanga kuti mawu ndi a mwini wake. Ine polumbila paja ndinkaganiza kuti ndikuteteza aphunzitsi kwa mabwana. Sindinalotepo kuti lonjezo lomwelo lidzateteza mbala. Ndinabwelela kunyumba ndikukankha njinga.

Tsiku la mlandu tinakhala mu ofesi anthu anayi. Bwana anali kuseli kwa tebulo, a Mtonga pa mpando wa khushoni atavala jekete, ine pa benchi, Tamala kumapeto kwa benchilo atazolika. Bwanayo ankandidziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atandiuza kuti dzina langa lili pamwamba pa oyembekezela uhedi, sukulu ina ikungodikila kuti mdala wa pamenepo apume. A Mtonga analankhula nthawi yaitali, ndi chisoni chachikulu, akuti zikuwawawa kunena zimenezi za mwana wa m'nyumba mwawo koma nchito ndi nchito. Asa! Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchele. Bwana anafunsa Tamala ngati ali ndi mawu, iye anati alibe. Kenako bwana anatambasula dzanja kwa ine. Kakhadi kanali m'chikwama changa, nditakakulunga m'kapepala, foni itatchajidwa bwino. Ndikanangoyatsa, mlandu ukanatha tiyi wa bwana asanazizile. Ndinayang'ana Tamala. Sanadzutse mutu, koma zala zake zinali zitakanikiza benchi.

"Bwana, mawuwo si anga. Mwini wake sanalole."

Bwana anati mwini wa mawu a mphunzitsi wa boma ndi boma. Ndinati ndinalonjeza pamaso pa zoni yonse, ndipo ndikapeleka lelo, mawa palibe mphunzitsi adzaikenso foni patebulo. Anati ngati ndikubisa ndiye kuti mulidi ulesi. A Mtonga anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene ali pamalilo. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bwana adzafike pa sukulupo tsiku lililonse la sabata osatuma uthenga, akaone yekha. Anati galimoto ilibe mafuta. Kenako anatseka failo n'kunena kuti munthu amene amabisila ofesi zinthu sangapatsidwe sukulu. Ananena mofatsa, akuyang'ana pa zenela.

Mafuta anadzapezeka patapita milungu ingapo, ndipo uthenga unatsogola monga mwa masiku onse. Tsikulo chigafa chinali chopanda mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo kalasi inali yodzaza, manja onse m'mwamba. Ndinamva kuti kunaphedwa nkhuku ziwili.

Pa msika wa Lundazi, temu yachiwili isanayambe

Sanamuchotse nchito Tamala. Akuti anamuchitila chifundo, anamusamutsila ku sukulu ina ya kutali chakuchigwa, kumene mvula ikayamba msewu umaduka mpaka ithe. Banja linakhala pansi n'kugamula kuti iye apite chifukwa malipilo ake akufunika, koma ana asapite ku malungo kumeneko, atsale ndi atate awo. Amene anatsogolela zokambilanazo ndi a Mtonga. Mtsikana anatseka pakamwa kuti asasiyane ndi ana ake, ine ndinatseka pakamwa chifukwa cha iye, ndipo anamulekanitsa nawo ndithu, ndi sitampa ya ofesi. A Mtonga anadzapuma nchito mwaulemu, makolo anasonkha mbuzi, ndipo pa phwando lawo anawatchula kuti tate wa maphunzilo. Ine sindinapiteko. Foni ija inayendabe m'zoni yathu mpaka batile lake linatupa, ndipo aphunzitsi sanaiopenso, chifukwa nkhani ya ku boma inawapeza onse. Imeneyo ndiyo foni yosweka imene mumafuna kutaya nthawi zonse mukamakonza m'kabati. Muileke pomwepo.

Tsiku lonyamuka Tamala ananditumila uthenga kuti tikumane pa msika wa Lundazi, pamene ankadikila lole yopita kuchigwako. Ndinamupeza atakhala pa matilesi opinda, pambali pa amayi ogulitsa tomato, ali ndi ndowa ndi chikwama chimodzi. Tinapatsana monile. Ndinamuuza kuti tsopano palibenso chotaya, andilole ndipite nako kakhadi kaja kwa akuluakulu a kuchigawo, ndikawamvetse onse. Anapukusa mutu. Anati tsopano ndiye ayi kwenikweni, popeza ana ali m'manja mwawo ndipo iye sadzakhalapo. Kenako anatambasula manja onse awili.

"Koma ndipatseni kakhadi kanga, amama."

Ndinakondwa pang'ono. Ndinaganiza kuti mwina akufuna kukasunga, kuti tsiku lina ana akadzakula adzatulutse umboni. Ndinamupatsa ndikumulangiza kuti asakanyowetse, asakaonetse munthu, nthawi yake idzafika. Anandiyang'ana ngati sakumva zimene ndikunena.

"Si za mlandu ayi. Muli Wezi mmenemo."

Anatulutsa kafoni kakang'ono ka mabatani kamene anali atangogula kumene pa msika pomwepo, kotchipa, kosweka pakona. Mnyamata wogulitsayo anali atamuuza kale kuti batani lodumphila kutsogolo ndi lakufa, chilichonse chimayambila poyambilila mpaka kumapeto. Analowetsa kakhadi, anasankha phunzilo la nzimbe lija, n'kukanikiza kafoniko pa khutu, dzanja lina atatseka khutu linalo chifukwa cha phokoso la msika. Ine ndinkalidziwa phunzilolo ngati nyimbo ya kutchalitchi, ndiye ndinkatsatila pa nkhope yake. Ndinaona pamene mpeni unkadula nzimbe. Ndinaona pamene chitseko chinatseguka, chifukwa mapewa ake anatsika, mutu unawelama, milomo n'kuyenda yokha popanda mawu. Wezi samveka kalasi ikakhala yodzaza. Kuti afike pa mwana wake ankayenela kuyamba wamva apongozi ake akutulutsa ana, ndipo zidzakhala choncho nthawi iliyonse, kuchigwa kuja, mpaka atadzaonananso ndi ana ake.

Lole inaliza hutala, anthu anayamba kuponya katundu. Tamala sananyamuke. Anakweza chala kundiuza kuti ndidikile, nkhuku ija inali isanakane kusamba. Ndinasenza matilesi ake ndekha n'kukamugwilila malo.